Nyimbo ya Khutu Limodzi

Sajeni Icilda Pinnock anaimva nyimboyo asanaumve mlandu wake. Lachiwiri m'mawa, ali m'minibasi yopita ku Half Way Tree, dalaivala anaiika katatu konse, ndipo ulendo wachitatu amayi awiri a kumpando wakumbuyo anali atayamba kale kuitsatira. Mawu ake anali a munthu wamkulu, osasa pang'ono, koma aliyense wobadwira mu Kingston akanawazindikira ngakhale ali m'tulo. Anali a Eustace Wedderburn, amene mzinda wonse unkangowatchula kuti Mas Eustace, woimba amene anali asanatulutse nyimbo kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Atafika ku ofesi anapeza kapepala pa tebulo lake: ku situdiyo ya a Linval Grandison, ku Waltham Park, kwabedwa nyimbo.

"Nyimbo amaba bwanji?" Sajeni anafunsa mnzake wa tebulo loyandikana ndi lake. "Amaisenza pamutu?"

"Mukawafunse eni ake. Aimba kale foni kanayi, ndipo akuti wakubayo akumudziwa."

* * *

Situdiyo inali kuseri kwa sitolo ya matayala, nyumba yopanda zenera ndi limodzi lomwe. A Grandison anamuchingamira pakhomo: bambo wamtali wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, malaya oyera osita bwino, mphete zitatu kudzanja limodzi.

"Mwachedwa, a Sajeni! Nyimbo yanga ikulira kuyambira ku Papine mpaka ku Spanish Town, inu mukubwera ngati mukupita ku ukwati. Lowani, ndikuonetseni mmene Grandison amasungira zinthu zake."

Pakhomo panali kadengu. Aliyense wolowa ankasiya foni mmenemo, ngakhale mwini situdiyo. Kompyuta yojambulira inali isanalumikizidwepo pa intaneti chiigulireni. Mabowo ake olowetsera fulashi anali omatidwa ndi guluu wolimba, ndipo a Grandison anamugwiritsa Sajeni ndi chala kuti akhulupirire.

"Makiyi alipo awiri. Ina ndi iyi. Ina ili ndi mtsikana uyo." Analoza ndi chibwano kuchipinda chamkati. "Tashi-Ann, injiniya wanga wojambula nyimbo. Tinajambula Lachinayi, Loweruka nyimbo ili pamsewu. Ndinamutola asakudziwa ndi kukulunga chingwe komwe, lero akundilumira pansi."

"Umboni muli nawo, bwana?"

"Uwiri." Anamutengera pa sikirini n'kuloza mzere wa timanambala. "Ine si injiniya, koma maso ndili nawo. Apa ndi potulukira mawu. Wani ndi thu ndi masipika. Firii mpaka sikisi ndi mahedifoni. Nanga seveni uyu? Pa seveni palibe sipika, palibe hedifoni, koma Lachinayi mawu amatumizidwa kumeneko. Amapita kwa ndani?"

"Wachiwiri?"

A Grandison anakatenga foni yawo mukadengu n'kuika nyimbo yobedwayo, imene anakopera kwa dalaivala wina. Zida zisanayambe, panamveka mawu a mkazi, odekha: "Pumani kaye, Mas Eustace. Tiyambirenso poyamba penipeni."

"Mwamumva? Wakuba wosiya dzina lake pakhomo! Mumangeni lero, a Sajeni. Ndikamaliza naye, palibe situdiyo pachilumba pano imene idzamulole kugwira batani."

Sajeni Pinnock anatchera khutu bwino. Chinamugwira mtima si mawu a mtsikanayo ayi, koma kuyera kwa nyimboyo. Munalibe phokoso la chipinda, ngakhale mpando kukwekwesa. Sinali nyimbo yojambulidwa ndi foni yobisa m'thumba. Inatuluka kudzera m'chingwe. Koma chingwe chake chiti?

"Tatipatsani mpata, bwana," anatero.

* * *

Tashi-Ann McKoy anali atakhala pa mpando wake, manja atapinda. Anali wochepa thupi, wa zaka pafupifupi makumi atatu, tsitsi lometa. Maso ake anali ofiira, osati ndi misozi, koma ndi mkwiyo wa munthu amene watsimikiza zosayankha.

Sajeni anakoka mpando n'kukhala pambali pake. "Ine za makompyuta sindizidziwa, mwanawe. Ndimaimba alito kutchalitchi, basi. Ndiye undiuze ngati ukuuza azakhali ako. Mawu akatuluka m'kamwa mwa munthu m'kachipinda kagalasi ako, amadzera kuti?"

Tashi-Ann anamuyang'ana kanthawi, ngati akuyesa kuona kumene kuli msampha. Kenaka anagogoda bokosi lachitsulo limene linali pansi pa sikirini.

"Bokosi ili lili ndi makomo olowera asanu ndi atatu, ndi otulukira asanu ndi atatu. Chingwe cha maiki ya Mas Eustace chimalowa pa wani. Gitala ya besi pa thu. Ng'oma pa firii mpaka sikisi. Koma kulowa m'bokosi sikukwanira. Mu pulogalamumu ndiyenera kuuza mzere uliwonse kuti iwe uzimvera khomo lakuti. Ndikalakwitsa, mzere wa woimba ujambula besi, kapena sujambula kalikonse."

"Nanga potuluka?"

"Chimodzimodzi. Mzere uliwonse ndimauuza kokatulukira, ndi kukula kwake. Zimene ndimamva ine m'masipika si zimene amamva woimba m'mahedifoni. Woimba amafuna mawu ake patsogolo. Oimba zida amafuna ng'oma. Aliyense ndimamusakanizira zake. Timati mikisi."

"Ngati mipope ya madzi."

"Eya, koma mpope wake umatumiza madzi amodzimodzi kumabafa atatu, kwina otentha, kwina ozizira."

Sajeni anaseka. "Nanga bafa namba seveni akusambamo ndani?"

"Tsatirani chingwecho nokha. Ndikakuuzani ine, muziti ndakunamizani."

Sajeni anavula chipewa, anagwada n'kuyamba kukwawa. Chingwecho chinali chotuwa. Chinadutsa kuseri kwa tebulo, pansi pa kabati, pakati pa fumbi ndi buluzi wouma, mpaka pa makina ena ooneka ngati sutikesi yakale. Mkati mwake munali tepi yozungulira pa timagudumu. Kuchokera pa makinawo chingwe china chinabwerera ku bokosi lija, n'kulowa pa khomo lolowera namba seveni.

"Ndi makina obwereza mawu, kuti azimveka ngati munthu akuimbira kuphanga," Tashi-Ann anatero. "Anafa kalekale, ndinawakonza mwezi watha. Mawu amapita, amabwerera. Satuluka m'chipinda muno. A Grandison anaiwala kuti ali nawo."

Sajeni anadzuka akusasa maondo. Umboni woyamba unali utagwa. "Tsono mawu ako aja analowamo bwanji m'nyimbo?"

Tashi-Ann anakhudza kamaiki ka khosi lopindika kamene kanali pa tebulo, kokhala ndi batani lofiira patsinde. "Aka ndi kolankhulira ndi anthu a mkatimo, popeza galasilo silidutsa mawu. Ukadina umalankhula, ukasiya katseka. Kamalowa pa eyiti, kamatulukira ku mahedifoni okha. Kakapita ku masipika pamalira mluzu woboola makutu. Ndipo sikajambulidwa."

"Sikajambulidwa? Tandiikira nyimbo imene ili mu kompyutamo."

Anaiika. Zida zinayamba popanda mawu a munthu aliyense patsogolo pake.

Sajeni anamva kutsekemera kumene ankamva nthawi zonse mlandu ukayamba kusweka. "Ndiye wakubayu sanatenge mu kompyuta. Sanatengenso ku masipika. Anatenga zimene zimapita m'makutu mwa munthu. Bwanji sunawauze abwana ako zimenezi?"

"Sanandifunse."

"Ine ndikukufunsa. Firii ndi folo, kapena faifi ndi sikisi?"

Mtsikanayo anayang'ana sikirini. "Sindikudziwa, a Sajeni."

Ananama, ndipo kunama sankakudziwa.

* * *

Sajeni anamupeza Dudley Samuels, woimba besi, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa situdiyo, akudya pate, chitumbuwa cha nyama, ataiika mkati mwa buledi. Anali munthu wa mimba yaikulu ndi kuseka kwakukulu.

"Mayi wanga, ine kuba? Ndikalumbira pa manda a amayi, ngakhale akadali moyo! Bweretsani nyimboyo."

Anaimvetsera atatsinzina, nsagwada zikugwirabe ntchito. Sipanathe mphindi.

"Aa, imeneyi si yathu. Kagogodo mulibe."

"Kagogodo?"

"Ko, ko, ko, ko! Kompyuta imatigogodera kuti wang'oma asathamange. Ine ndi iye timagawana faifi ndi sikisi, timakamva mpaka kumakalota. Ndiponso besi yake iyi, yowonda chonchi? Kundipatsa zoterezi ndikhoza kuvula mahedifoni n'kupita kwathu."

"Ndiye yatsala firii ndi folo."

Dudley anasiya kutafuna, kenaka anaphulika ndi phwete. "Amenewo ndi a mdala yekha! M'kachipindamo salowamo wina, n'kochepa ngati chimbudzi. Amakhala yekhayekha ndi jekete lake lija, akuti mphepo ya makina imamupweteka pachifuwa. Mukufuna kunena kuti munthu waba mawu a pakhosi pake pomwe?"

"Lachinayi alipo anatulukapo?"

"Ife awiri tinatuluka titamaliza mbali yathu, cha m'ma leveni. Masana kunabwera mlendo wa bwana, wa ku London uja wa nsapato zosongoka. Bwana anatuma Tashi kukagula mapate. Mdala anatsala m'kachipinda, akupumula. Mwina mukamange mapatewo."

* * *

Madalaivala atatu osiyana anamulozera kwa munthu mmodzi: Jubal, wogulitsa nyimbo pa ngolo yokankha pafupi ndi pokwerera mabasi pa Half Way Tree. Ngoloyo inali ndi masipika awiri aakulu oyendera batire ya galimoto. Jubal ataona yunifolomu anachepetsa phokoso n'kuika dzanja pachifuwa.

"Mwana wa Mulungu ine, a bwana. Sindinabe, sindinagule, sindinapemphe. Zinangogwa ngati mana. Loweruka masana ndapita kukataya madzi apo, pobwera ndapeza envulopu pansi pa sipika. Yopanda dzina, yopanda ndi chilembo chimodzi chomwe. Mkati muli kamemori khadi. Nditaika, ndinati Yehova, Mas Eustace wauka!"

"Anaisiya ndani?"

"Pa Half Way Tree Loweruka masana? Mufunse mchenga kuti wakuponda ndani. Koma ndikuuzeni, amene anaijambula si katswiri ayi. Inabwera yolumala."

"Yolumala bwanji?"

"Mwendo umodzi! Sipika iyi ikulira, iyi ili duu. Ndinayamba kumenya sipika yanga, kuyesa kuti yafa. Ndiye ndinachita kukopera mbali yamoyoyo kuika mbali inayo, kuti makasitomala asanditukwane. Ntchito yonse ija ndagwira ine, koma wondithokoza palibe."

"Khadi lenilenilo lili kuti?"

Jubal anadandaula, anatchula ana ake asanu, kenaka analitulutsa m'sokosi. Sajeni analiika mu foni yake n'kuvala timahedifoni take. Kukhutu la kumanzere kunabwera zonse: mawu a Tashi-Ann, ng'oma, besi, ndi Mas Eustace patsogolo penipeni. Kukhutu la kumanja kunalibe kanthu, ngakhale mpweya.

Anaima pakati pa phokoso la mabasi, akudzifunsa. Mtsikana wosamala ngati uja, wodziwa kumene chingwe chilichonse chikupita, angatumizire woimba wake nyimbo ya mbali imodzi molakwitsa? Kapena sikunali kulakwitsa?

* * *

Mas Eustace ankakhala ku Jones Town, m'nyumba yamatabwa yopaka utoto wobiriwira. Sajeni anawapeza pakhonde akusenda nandolo m'beseni. Anali ataonda kuposa pa zithunzi, kolala ya malaya ikulendewera m'khosi. Anaodira pageti kawiri, osamumva. Analowa n'kukhala pa benchi, kudzanja lawo lamanja.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Mkuluyo anatembenuza mutu wonse. "Bwerani mbali ino, mayi. Khutu ilo linafa kale. Sipika inandiphulikira pa dansi, inu musanayambe sukulu."

Sajeni anasamukira kumanzere, pang'onopang'ono.

"Ndiye mukamajambula, Tashi-Ann amakutumizirani zonse kumanzere."

"Zonse. Mwana uja ndi woyamba kuganiza zimenezo. Ena onse ankandipatsa mbali ziwiri, theka la nyimbo n'kumathera m'khutu lakufa." Anasenda nandolo ina, kenaka manja anaima. Anayang'ana yunifolomu, anayang'ana nkhope ya mayiyo. "Mwafulumira. Ndimayesa mutenga sabata."

"Jekete lija lili kuti, bambo?"

Mkuluyo analowa m'nyumba n'kubwera nalo. M'thumba lamkati munali kachipangizo kojambulira mawu, kakang'ono ngati sopo, ndi kachingwe ka nthambi ziwiri.

"Nthambi iyi ku mahedifoni, iyi ku kameneka. Anandionetsa ndi mnyamata wa kusitolo. Pakhomo amasecha aliyense, koma nkhalamba yodwala ndani angaipapase?"

"Mukudziwa kuti a Grandison akufuna ndimange Tashi-Ann? Mawu ake ali pa khadi lija."

Nkhope ya mkuluyo inagwa. "Ayi... Ndinadina msanga, eti? Ine sindinamvetsere, ndinangotulutsa khadi n'kuika lina. Ambuye! Mwana uja sanandilakwire kalikonse." Anakhala pansi mwamphamvu. "Ndipo iye sanakuuzeni kuti ndine?"

"Anangoti sakudziwa."

Mas Eustace anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Sajeni anawasiya kaye, kenaka anafunsa chimene chinkamuvuta kuyambira pansi pa mango paja.

"Chifukwa chiyani, bambo? Nyimbo ndi yanu yomwe."

"Zaka zinayi ndakhala ndikujambula kwa Linval. Nyimbo khumi ndi imodzi. Ndikafunsa kuti zituluka liti, akuti nthawi sinakwane. Mwezi wa Malichi kunabwera munthu wa ku London. Ine ndili m'kachipinda, mahedifoni ali kumutu, ndikudikira. Mwadzidzidzi ndikumva anthu akulankhula m'khutu langa, bwinobwino ngati ali pa benchi pano. Kamaiki ka patebulo kanali kotsegula." Anatsokomola kwa nthawi. "Ndikanapita kwa ndani? Nkhalamba yogontha ikuti yamva zinthu? Ngakhale inu mukanandiseka. Ndiye nditamva kuti mlendoyo abweranso Lachinayi, ndinagula kameneka. Ndinati mwina Mulungu atsegulanso kamaiki kaja."

"Anatsegula?"

"Anatsegula. Khadi la nyimbo ndinakasiya kwa Jubal, kuti ndiimveko ikulira pamsewu ndikadali ndi khutu. Ndiponso ndimamudziwa Linval. Ndinadziwa kuti apolisi aitana yekha." Anakankhira kachipangizoko kwa Sajeni. "Khadi lachiwiri lili momwemo. Valani kumanzere."

Sajeni anamvetsera mpaka kumapeto. Atavula kahedifoniko anapeza kuti dzanja lina lafinya nandolo mpaka kuziphwanya.

"Valani nsapato, bambo," anatero. "Tikupita ku Waltham Park."

* * *

Anafika dzuwa likadali pamwamba. A Grandison anali pa foni panja, ndipo ataona Mas Eustace akutsika m'galimoto ya polisi anatambasula manja.

"Eustace, m'bale wanga! Wabwera kudzaona wakuba wako akumangidwa?"

"Tipatseni mphindi ziwiri, bwana, tikuitanani," Sajeni anatero.

Mkati, anapereka kachipangizo kaja kwa Tashi-Ann. Mtsikanayo anayang'ana kachipangizoko, kenaka anayang'ana mkuluyo. Mas Eustace anangomugwira paphewa.

"Ndikufuna izi zilowe pa wani, zitulukire pa wani ndi thu, mbali zonse ziwiri," Sajeni anatero. "Ndanena bwino?"

"Mwakhoza, a Sajeni."

Akulumikiza chingwe, Sajeni anawerama n'kutsitsa mawu. "Unandiuza kuti kamaiki aka ukasiya batani kamatseka. Tsono kanatseguka bwanji iwe uli kogula mapate?"

Zala za Tashi-Ann sizinaime. "Mu pulogalamu mukhoza kutsegula eyiti osadzera pa batani. Timatero poyesa ngati kakugwira ntchito."

"Ndiye unaiwala kutseka."

"Ndinaiwala."

"Kawiri? Malichi ndi Lachinayi?"

"Ndimaiwalaiwala, a Sajeni."

Sajeni anatulutsa kabuku kake, analemba mawu amodzi okha akuti "anaiwala," n'kukabweza m'thumba. Kenaka anaitana mwini situdiyo.

A Grandison analowa akumwetulira n'kukhala pa mpando wawo wachikopa, pakati penipeni pa masipika awiri aakulu amene ankawanyadira. Tashi-Ann anadina. Choyamba panamveka chitseko kutsekeka. Kenaka mawu a a Grandison omwe anadzaza chipinda.

"Nyimbo khumi ndi imodzi, zonse zili mmenemo. Musathamange, achimwene. Dokotala wa Eustace timapemphera limodzi, akuti Khirisimasi saiona. Woimba wamoyo amagulidwa ndi anzake, wakufa amagulidwa ndi dziko lonse. Tsiku la maliro ndiye tsiku lotulutsa chimbale."

Mawu ena, a mlendo, anafunsa: "Nanga abale ake sadzavuta?"

"Ali ndi mdzukulu mmodzi, namwino. Sapezapo kanthu. Pepala ndinakonza kale."

Tashi-Ann anaimitsa.

Kumwetulira kwa a Grandison kunatenga nthawi kuti kuchoke. Anakonza mphete imodzi, kenaka ina. "Chabwino. Ndinalankhula mopanda chifundo. Kodi umenewo ndi mlandu, a Sajeni? Malonda ndi malonda. Ndipo mwandithandiza, wakuba mwabwera naye nokha. Nyimbo zimenezi ndi zanga. Kulemba, kuimba, zonse anandipatsa ine, mwa kufuna kwake."

"Ndione pepalalo."

Anatsegula kabati ndi kiyi ya pa lamba, natulutsa pepala la masamba awiri m'chikwama cha pulasitiki. Analiyala pa tebulo n'kuligogoda ndi chala pamunsi. "Dzina lake ilo. Lasainidwa muno, pa tebulo lomweli, ine ndikuona. Ukana, Eustace?"

Mas Eustace anayandikira. Anatenga nthawi yaitali akuyang'ana siginechayo, ndipo Sajeni anadabwa kuona nkhope yawo ikufewa, ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale pamsewu. Anaisisita ndi chala pang'onopang'ono.

"Wakopera bwino, Linval," anatero. "Ndi kamchira komwe. Unatenga pa mapepala akale aja, eti?"

"Ukunena chiyani iwe?"

"Zaka makumi anayi ukundidziwa. Sunadabwepo kuti pepala lililonse ndinkati ndikawerenge kaye kunyumba?" Anatembenukira kwa Sajeni, ndipo mawu awo anatsika ndi manyazi. "Ine kusukulu sindinapiteko, mayi. Sindidziwa kulemba ngakhale dzina langa. Nyimbo zanga zonse zimakhala m'mutu. Dzanja ili ndi la Myrtle, mkazi wanga. Ndiye ankandisainira, pa tebulo la kukhitchini."

Sajeni anakokera pepalalo kwa iye n'kuyang'ana deti. "Apa alemba Juni, chaka cha 2021. Mayi Myrtle ali kuti, bambo?"

"Tinawaika m'manda mu 2017." Mkuluyo anayang'ana a Grandison m'maso. "Unanyamula nawo bokosi, Linval. Unali kutsogolo, kumanja."

Dzanja la mphete zitatu linathamangira pepalalo, koma linapeza la Sajeni litafika kale.

"Khalani pansi, a Grandison," anatero Sajeni Pinnock. "Munaitana apolisi kanayi. Tsopano tabwera."